Malangizo a Viza ya Schengen kwa Makolo Oyenda ndi Ana a Sukulu ku Ulaya

Aliyense wokhala ndi pasipoti ya Zambia afunika viza ya Schengen kuti alowe m'maiko monga France, Italy, Germany ndi Netherlands, ndipo mwana aliyense, ngakhale wakhanda, amalembeledwa fomu yakeyake imene kholo kapena womulela mwalamulo amasaina. Viza imodzi imakwanila maiko onsewa, koma Britain ndi Ireland sali m'gululi, conco banja lofuna kukafikanso ku London lifunika kupempha viza ina payokha.

Pempho limapelekedwa ku ofesi ya kazembe wa dziko limene pa fomu amalichula kuti main destination. Mau amenewa alibe liu limodzi lolingana nawo m'Cinyanja, ndipo ambili amaganiza kuti ndi dziko limene ndeke idzatela. Tanthauzo lake ndi dziko limene mudzakhalako masiku ambili. Ngati mudzatela ku Paris n'kugonako masiku 3, kenako n'kupita ku Rome ndi Florence kwa masiku 7, pempho lanu ndi la ku Italy. Dziko loyamba kulowamo limakhala ndi mphamvu pokhapo ngati masiku ali ofanana. Maiko ena alibe ofesi yopeleka viza mu Lusaka ndipo amaimilidwa ndi dziko lina, motelo funsani musanalipile mahotela.

Pasipoti ya aliyense ikhale yopelekedwa m'zaka 10 zapitazi, ikhale ndi masamba awili osadindidwa, ndiponso ikhale isanathe kwa miyezi 3 pambuyo pa tsiku locoka ku Ulaya. Pempho lingapelekedwe miyezi 6 ulendo usanacitike, ndipo yankho limatuluka m'masiku 15, ngakhale kuti nthawi zina limafika masiku 45. Oyenda pa holide ya mu August ayambe mu May.

Pa ana ndi pamene mapepala amacedwetsa mabanja ambili. Pamafunika satifiketi ya kubadwa yocokela ku Department of National Registration, Passport and Citizenship, osati kakhadi ka ku cipatala. Ngati kholo limodzi litsala, lilembe cilolezo ca lumbilo, cimene amati affidavit, pamaso pa Commissioner for Oaths, n'kuikapo kopi ya pasipoti kapena NRC yake. Mau akuti womulela mwalamulo asamalidwe, pakuti kwathu azakhali kapena agogo amene alela mwana kuyambila ali wamng'ono timawaona ngati makolo, koma ofesi ya viza imafuna pepala la khoti kapena cilolezo ca makolo omubeleka. Kalata ya ahedi a sukulu yoonetsa masiku otsekela ndi otsegulila imathandizanso, ngakhale pamene sinalembedwe pa mndandanda wa mapepala ofunika.

Malipilo ndi ma euro 90 kwa wamkulu, 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11, ndipo wosafika zaka 6 salipila. Ana osafika zaka 12 satengedwa zidindo za zala. Lamulo limakhululukila malipilo ana a sukulu ndi aphunzitsi awo opita kukaphunzila, koma ulendo wa banja wokaona malo a mbili suwelengedwa pamenepo. Inshuwalansi ya cipatala ikhale yosacepela ma euro 30,000 kwa munthu aliyense, yogwila nchito m'maiko onse a Schengen.

Polemba ndondomeko ya ulendo, musapanikize maiko anai m'masiku 10, cifukwa mwana wotopa saona ciliconse. Nyumba yoonetselamo zinthu zakale ya Louvre ku Paris imatseka Laciwili, Vatican Museums imatseka pa Sondo kupatulapo Sondo yotsiliza ya mwezi, ndipo ku Louvre ndi ku Colosseum, bwalo lakale la ku Rome, osafika zaka 18 amalowa ulele, koma tiketi yawo yaulele isungitsidwe pa intaneti pamodzi ndi yanu. Mapepala onse a ana akhale m'cola ca m'manja, pakuti angafunsidwe pa bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda ndiponso pofika ku Ulaya.