Kakonzedwe ka mota ndi magetsi a galamafoni yapamwamba

Musanagule chosefera magetsi chilichonse, yambani mwadziwa mtundu wa mota yomwe ili m'galamafoni yanu. Magalamafoni ambiri oyendera lamba, monga Linn Sondek LP12 ndi Rega Planar 3, akhala akugwiritsa ntchito mota ya synchronous, yomwe liwiro lake limatsatira frequency ya magetsi (kuchuluka kwa nthawi zomwe magetsi amasinthasintha pa sekondi imodzi, komwe kumayezedwa mu Hz), osati kuchuluka kwa mavoti. Mota ya mapolo 24 imazungulira ka 250 pa mphindi pa magetsi a 50 Hz, koma ka 300 pa 60 Hz. Chotero galamafoni yogulidwa ku America, komwe magetsi ndi a 60 Hz, ikafika kuno kwathu komwe ndi a 50 Hz, ngakhale mutaiikira thiransifoma yotsitsa mavoti kuchoka pa 230 kufika pa 120, mbale yoyenera kuzungulira ka 33⅓ idzazungulira pafupifupi ka 27.8 kokha, ndipo mawu a woimba adzatsika ndi kulemera. Apa musinthe pulley, kagudumu ka pa mota komwe lamba amayendapo, muike ya 50 Hz.

Chosefera chimachotsa phokoso lomwe mafiriji, machaja ndi mababu a LED amalowetsa m'mawaya, ndipo chabwino chimatetezanso zipangizo magetsi akabwera mwamphamvu atazima, koma liwiro sichilikhudza m'pang'ono pomwe. Chomwe chimalikonza ndi bokosi lapadera lodyetsa mota, monga Lingo yomwe Linn inatulutsa mu 1990 kapena Neo ya Rega. Bokosi lotere limadzipangira lokha frequency yosasinthasintha, ndipo limapatsa makoilo awiri a mota magetsi osiyana ndi madigiri 90, zomwe zimachepetsa kunjenjemera kodutsa m'lamba kukafika pa singano. Ine ndimaona kuti ndalama yoyamba iyenera kupita pamenepo, chosefera chibwere pambuyo. Amene mumadalira inveta nthawi ya kuzima kwa magetsi, onetsetsani kuti ndi ya pure sine wave, yotulutsa magetsi osalala ngati a m'nyumba, chifukwa zotchipa zija zimaliritsa mota ndi kuitenthetsa.

Bokosilo muliike patali ndi phono stage (chipangizo chokulitsa mphamvu yochokera ku singano) komanso mawaya ochokera ku singano. Katiriji (kachipangizo kokhala ndi singano) ya mtundu wa MC, kapena kuti moving coil, imatulutsa mphamvu yochepa kwambiri, nthawi zambiri yosaposa theka la millivolt, ndipo phono stage imaikulitsa pafupifupi ka 1,000. Kakulira kalikonse ka thiransifoma kamakulitsidwa pamodzi ndi nyimbo. Waya wa ground umangidwe molimba pa phono stage, ndipo zipangizo zonse zidye magetsi pa soketi imodzi.

Tsopano mota yeniyeniyo. Ikani levulo pa mbale yozungulira ija kuti galamafoni isapendekeke, chotsani lamba, pukutani pulley ndi njira ya lamba ndi kansalu konyowetsa isopropyl alcohol, ndipo musazigwirenso ndi zala. Lamba aziyenda pakati pa pulley osakwera kapena kutsika, ndipo akatamuka musinthe.

Poyesa liwiro samalani ndi strobe disc, kambale ka mizere yomwe imaoneka ngati yaima liwiro likakhala lolondola. Mukaiyang'ana pansi pa babu lodya magetsi a m'nyumba, mizere ikhoza kuoneka yoima pomwe liwiro lalakwika, popeza babu ndi mota zikutsatira frequency imodzi yomweyo. Gwiritsani ntchito nyali ya strobe yoyendera batire, kapena mbale yoyesera ya kulira kwa 3,150 Hz, ndipo muyese mota itayenda kwa mphindi zingapo, singano ili pa mbale.