Buku la zakudimba la ana: mugule lotani, nanga lanulanu mupange bwanji

Makolo anzanga a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, mabuku a ana onena zakudimba amapezeka ndithu, pena kwa ogulitsa mabuku akale ku Limbe pena achibale amatumiza kuchokera kunja, koma musanatulutse ndalama tsegulani kaye tsamba loyamba muone kuti linasindikizidwa kuti. Likakhala la ku England kapena ku America dziwani kuti miyezi yake njotembenuka. Iwo amafesa Malichi mpaka Meyi chisanu chikatha, pomwe kwathu Epulo mvula imakhala ikutsanzika chimanga chikuuma, nde mwana akatsatira kalendala ya mmenemo angokhumudwa basi. La ku South Africa bola, Juni ndi Julayi kumazizira ngati kuno.

Olo likhale lakunja musalitaye ayi. Zithunzi za mmene nyemba imamerera, mizu, njuchi pa maluwa, nyongolotsi munthaka, zimenezo nzofanana kulikonse, ndipo mwana wa sitandade 1 kapena 2 zimamukwanira zithunzizo inu mukumufotokozera pa Chichewa. Masamba a miyezi ndi a zinthu zogula mushopu muzingodumpha.

Koma kunena zoona buku lomwe lingamugwire mtima mwana ndi loti alembe yekha, chifukwa ambiri mwa akunjawa simupezamo nkhwani, chisoso, kholowa kapena nandolo. Mugulireni kope, pensulo ndi rula, pachikuto alembe dzina lake ndi la mudzi. Kenako mupatseni malo akeake, bedi la mita imodzi mulifupi ndi awiri mulitali lakwana. Ndikudziwa kuti kuno malo ngovuta, tiyi anatenga mbali yaikulu ndipo ena kuseri kwa nyumba kwayamba kale munda wa eni, nde thumba la feteleza lotha kapena chigubu chodula choboola pansi, mwathiramo dothi losakaniza ndi manyowa owola bwino, zimatheka bwinobwino.

Mbewu yambani ndi zofulumira, mwana sadikira. Mpiru ndi bonongwe zimamera sabata isanathe, nyemba sabata imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Matimati adzabwere pambuyo, amatenga miyezi pafupifupi 3 komanso nthawi ya dzinja ndi chinyontho chathuchi amagwidwa chiwawu msanga, mwana angalire.

Tsamba lililonse la mkope likhale la mbewu imodzi. Pamwamba amate njere imodzi ndi selotepi, alembe tsiku lofesa, tsiku lomwe yamera, ndipo Loweruka lililonse ayeze kutalika ndi rula nkujambula tsamba la mbewuyo mmene likuonekera. Mpiru ukatha masabata 3 kapena 4 pa nazale muwokere limodzi madzulo dzuwa litapepa, alembenso. Musamukonzere zojambula zake chonde, olo bonongwe aoneke ngati ambulera musiyeni, bola deti ikhale yoona. Ndipo apa mpomwe masamu amalowa osadziwa, mukamuuza kuti chimanga timadzala njere imodzi paphando, mapando kutalikirana masentimita 25 ndipo mizere 75, muzimufunsa kuti pamzere wa mamita 5 palowa njere zingati, ayeze yekha ndi chingwe osati inu kumuuza.

Kumapeto kwa kope kukhale masamba a mvula. Dulani botolo lapulasitiki loongoka mbali zake, muimike pamtetete kutali ndi denga ndi mitengo, mmawa uliwonse ayeze madzi ndi rula, alembe, akhuthule. Kuyambira Novembala mpaka Epulo akhala ndi ntchito, kenako Juni ndi Julayi adzaona yekha kuti chiperoni chimanyowetsa zovala tsiku lonse koma mbotolo mumalowa timadzi tochepa, nde kuthirira sitisiya chifukwa choti kunja kwachita nkhungu.

Agogo musawasiye kumbali. Mwana apite ndi kope lake akafunse kuti agogo, kalongonda mumaphika bwanji kuti asavulaze anthu, mbewu ya maungu mumasunga bwanji, alembe mmene ayankhulira, kaya pa Chilomwe kaya pa Chichewa. Akapeza tizilombo, kaya nsabwe pansi pa masamba a mpiru kaya nthochi yomwe masamba aunjikana pamwamba osatambasuka, ajambule mukafunse alangizi a zaulimi, chifukwa nthochi yotero nthawi zambiri ndi matenda a chisaka omwe anatha nthochi zambiri ku Thyolo ndipo imafunika kuzula phata lonse. Mankhwala opopera okha mwana asagwire, pabedi lake nsabwe azichotsa ndi madzi a sopo pang'ono kapena kuthothola tsamba logwidwalo.

Akayamba kuthyola ndiwo muzimugula ndithu pamtengo wa pamsika, alembe mkope zomwe walandira, ndipo mbewu ya ulendo wina agule yekha pandalama yomweyo.