Musanagule router yanuyanu kunja kuno, imvani kaye izi

Abale anga, ndikudziwa chimene chimakukakamizani kugula router yanuyanu. Kabokosi kamene kampani ya intaneti imapereka kamakhala kofooka, Wi-Fi siifika kuchipinda chogona, ndipo mukamacheza ndi makolo pa vidiyo ya WhatsApp nkhope zawo zimangouma nkhani ili mkati. Kugula yanu ndi nzeru ndithu. Koma musathamange.

Modem ndi router ndi zinthu ziwiri, ngakhale makampani ambiri amaziphatikiza m'bokosi limodzi. Modem imalankhulana ndi kampani kudzera pa waya wochokera kunja, pomwe router imagawa intanetiyo m'nyumba. Ngati muli pa fibre, kabokosi kapakhoma kotchedwa ONT ndi kamene kali m'malo mwa modem, ndipo kameneko musakachotse. Kulumikiza kwake nkosavuta: waya wa Ethernet uchoke pa modem ulowe pabowo lolembedwa WAN pa router yanu, zimitsani zonse, kenako yatsani modem poyamba.

Ine vuto linandiyambira pa ejenti amene anandilembetsa. Ndinamufunsa kawiri konse ngati router yanga idzagwire, iye akumwetulira amvekere, "Ina iliyonse imagwira, mungolumikiza basi." Ndinamukhulupirira. Ndinagula router yabwino, ndikukabweza yawo ku ofesi tsiku lomwelo. Pofika kunyumba, kanyale ka intaneti kanangoti psuu, kufiira. Masiku anayi athunthu ndinalibe intaneti, pomwe ntchito ina ndimagwirira kunyumba.

Chimene ejenti uja sanandiuze nchakuti layini yanga inkafuna dzina ndi pasiwedi za PPPoE, njira imene router imadzizindikiritsira ku kampani, komanso nambala ya VLAN, yosonyeza kanjira kamene intaneti yanu imadutsamo pa netiweki ya kampaniyo. Zonsezi zinali zolowetsedwa kale mkati mwa router imene ndinabweza ija. Ndikaimba foni, uyu akuti zimenezo sitipereka kwa makasitomala, uyo akuti dikirani ndikupatseni mnzanga, nyimbo nkumalira m'khutu mpaka foni kuduka yokha. Munthu wachisanu ndi amene anandiwerengera manambalawo, mosatha ndi mphindi ziwiri zomwe. Ejenti uja sanayankhenso foni yanga mpaka lero.

Chimene chimandiwawabe mtima chinabwera patatha miyezi iwiri: bilu yonena kuti sindinabweze katundu wawo. Ndikukumbukira bwinobwino mmene wapakauntala analandirira bokosilo, nkulikankhira kunsi kwa tebulo ndi phazi, nkunena kuti zatheka. Lisiti sanandipatse. Ndinatha miyezi itatu ndikulemba makalata ngati wakuba wopempha chikhululukiro, pa chinthu chimene ndinapereka ndi manja anga.

Ndiye chonde, musabweze kanthu router yanu isanagwire ntchito sabata yathunthu. Pobweza, jambulani serial number ya pansi pa bokosilo, ndipo musachoke pakauntala opanda lisiti, ngakhale akuyang'aneni ndi diso loipa. Za PPPoE ndi VLAN funsani musanasaine kontrakiti, ndipo yankho libwere pa imelo. Zapakamwa za ejenti zilibe ntchito, iye akufuna komishoni yake.

Ngati bokosi lawo ndi modem ndi router pamodzi, fufuzani ngati lili ndi bridge mode, ena amati modem mode, imene imazimitsa mbali ya router kuti bokosilo litsale ngati modem chabe. Mumalowa m'masetingi a bokosilo polemba 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1 mu browser, pasiwedi imakhala pa kapepala komatidwa pabokosipo. Mukapanda kuyatsa bridge mode, ma router awiri amakhala akugawa maadiresi nthawi imodzi, zimene amati double NAT. Intaneti imayenda, koma magemu a ana, makamera apakhomo ndi VPN ya kuntchito (njira yotetezedwa yolowera pa netiweki ya kuofesi) zimatha kuyamba kuvuta, inu nkumada router yatsopano yosalakwa. Ngati bridge mode palibe, ikani yanuyo pa access point mode, kuti izingopereka Wi-Fi osagawa maadiresi, ndi kuzimitsa Wi-Fi ya bokosi lawo.

Musaiwalenso foni yapanyumba. Nthawi zambiri masiku ano imadutsira m'bokosi la kampani, mukalichotsa foni imafa. Amene muli pa cable, intaneti yodzera pa waya wa TV, musagule modem mwachisawawa, iyenera kukhala pa mndandanda umene kampani imavomereza, ndipo pamafunika kulembetsa MAC address yake, nambala yapadera yozindikiritsa modemyo. Router yakale yokhala ndi chizindikiro cha kampani ina, imene mnzanu akukupatsani ulere, isiyeni. Zambiri zimakhala zotsekedwa.

Akamakukanizani, dziwani malamulo a dziko limene mukukhala. Ku Germany, kuyambira pa 1 Ogasiti 2016 kasitomala ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito router yake, ndipo kampani iyenera kumupatsa manambala olumikizira. Ku United States, kuyambira Disembala 2020 kampani siloledwa kukulipiritsani lendi ya router kapena modem imene mwagula nokha. Onani bilu yanu mwezi wotsatira, mzere ndi mzere, ngati lendiyo yachotsedwadi.