Momwe mungagulitsire masheya obwereka, ndi pomwe ine ndinapsa

Amene munakulira kumudzi mukuidziwa kale nkhaniyi. Mu Febuluwale chimanga chili pamtengo, munthu amabwereka thumba kwa mnzake wankhokwe yodzaza, n'kukaligulitsa tsiku lomwelo. Pofika Meyi anthu akolola, mtengo wagwa, iye n'kugula thumba lina motchipa, n'kubweza pamodzi ndi kandowa ka zikomo. Yotsalayo n'njake. Pamsika wa masheya zimenezi amazitcha short selling. Koma mvula ikadula chimanga n'kukwereratu, mwini thumba saona nkhope. Akufuna thumba lake basi.

Ine ndimakhala ku Manchester, ndipo ndachitapo izi kangapo ndi masheya a ku America, choncho malamulo amene nditchule ndi akumeneko.

Choyamba, pezani broker weniweni, kampani yokugulirani ndi kukugulitsirani masheya pamsika, ndipo mutsegule akaunti ya margin, yomwe imalola kubwereka. Akaunti wamba yogulira masheya siyilola kubwereka. Ku America lamulo limafuna kuti muakauntiyo mukhale ndalama zosachepera madola 2,000. Musanatumize ngakhale tambala, fufuzani dzina la kampaniyo pamndandanda wa bungwe loyang'anira: kuno ku Britain ndi FCA, ku South Africa ndi FSCA. Muonetsetse kuti adiresi ya pa intaneti ndi nambala ya foni zikufanana ndi zomwe zili pamndandandapo, chifukwa akathyali amabera mayina a makampani enieni. Za anyamata a pa WhatsApp aja, ojambulitsa atatsamira galimoto ya eni n'kumati "tumizani ndalama ndikutakasireni", sindikambako zambiri. Broker weniweni salandira ndalama pa nambala ya foni ya msuweni wake.

Chinanso, mapulogalamu ambiri a pafoni amene ali ndi batani la "sell" sakubwereketsani masheya ayi. Akukugulitsani CFD, yomwe ndi mgwirizano wolipirana kusiyana kwa mitengo pakati pa inu ndi iwo. Ndi njira yachidule, ndipo imafuna ndalama zochepa, koma werengani chenjezo lomwe lamulo limawakakamiza kulemba patsamba lawo, lonena kuchuluka kwa makasitomala awo amene amaluza. Ine ndikawerenga chiwerengerocho chilakolako chimatha.

Chachiwiri, dziwani ndalama zomwe zitsekeredwe ngati chikole. Tiyerekeze mwagulitsa masheya 100 pa madola 40 imodzi. Mulowa madola 4,000, koma musayambe kuwerengera malata a nyumba, ndalamazo sizituluka muakaunti. Pamwamba pake lamulo la Regulation T limafuna kuti muonjezepo theka, madola 2,000 anuanu. Zonse pamodzi 6,000. Mtengo ukamakwera, gawo lanu limaphwa, ndipo likatsika n'kukhala losakwana 30 peresenti ya mtengo wa masheyawo broker amakuitanani kuti muonjezere ndalama. M'chitsanzo chathuchi foni imalira mtengo ukangodutsa madola 46. Taonani kuyandikira kwake. Ndipo ambiri mwa ma broker amafuna chikole choposa pamenepa, makamaka pa masheya ovutavuta.

Kusankha kampani yoti muigulitse ndi nkhani ya tsiku lina. Ndingoti "mtengo wakwera kwambiri" si chifukwa chokwanira. Ogulitsa mobwereka amene anadya bwino pa Steinhoff, kampani yogulitsa mipando ndi katundu wa m'nyumba, mu Disembala 2017, pamene mkulu wake Markus Jooste anatula pansi udindo masheya n'kugwa chagada pamsika wa ku Johannesburg, anali atakhala nthawi yaitali akufukula mabuku a kampaniyo.

Tsopano gawo lomwe ndikufuna mukhale pansi: kubwereka kwenikweniko.

Musanadine batani, broker ayenera kupeza kaye komwe masheyawo achokere. Ndi lamulo la Regulation SHO, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2005. Amawatenga kwa makasitomala ake ena, kapena kwa mabungwe akuluakulu osunga ndalama za penshoni ndi inshulansi. Inu simuona chilichonse, pasikirini pamangooneka kanambala kawiri: masheya omwe alipo oti abwerekedwe, ndi chiwongola dzanja cha pachaka. Makampani akuluakulu odziwika chiwongola dzanja chake chimakhala chochepa, nthawi zambiri osafika 1 peresenti. Makampani ang'onoang'ono amene aliyense akufuna kuwagulitsa, ndi katapila weniweni.

Chimene palibe anandiuza n'chakuti kanambala kameneka sikakhazikika. Kamasintha tsiku ndi tsiku, ndipo ngongoleyi ilibe tsiku lomwe munagwirizana. Mwini masheya angawafune m'mawa uliwonse.

Ine ndinagulitsa masheya 100 a kakampani kena ka zamankhwala pa madola 32. Ndinali nditawerenga malipoti ake mausiku angapo ndikaweruka kuntchito, ndipo ndinaona kuti ndalama zikuwathera. Chiwongola dzanja chinali 3 peresenti, pafupifupi masenti 27 patsiku. Ndinaseka, ndinati iyi ndi ya machesi. Sindinayang'anenso. Patatha milungu itatu ndili m'basi, ndinatsegula sitetimenti mwangozi n'kupeza akundidula madola 7 ndi kanthu tsiku lililonse, Loweruka ndi Lamlungu lomwe, msika uli wotseka. Chiwongola dzanja chinali chafika pa 85 peresenti. Anthu ambirimbiri anali ataona zomwe ndinaonazo, onse n'kuthamangira kukabwereka masheya omwewo, ndipo obwereketsa anakweza mtengo monga amachitira amaminibasi mvula ikamagwa.

Ndinalimba mtima. Ndinati bola mtengo ugwe, zonsezi zibwerera. Lachinayi lina usiku kunabwera imelo yaifupi yoti mwini masheya wawaitanitsa, broker akuyesa kupeza ena, akalephera adzandigulira pamtengo wa pamsika. Ndinaiwerenga Lachisanu madzulo nditadzuka, nditagwira ntchito ya usiku. Anali atagula kale, pa madola 39. Madola 700 anapita, kuonjezera apo ena pafupifupi 90 a chiwongola dzanja. Ndinawaimbira foni ndili ndi ukali, mtsikana wa kumeneko n'kundiwerengera mofatsa ndime ya mgwirizano womwe ndinasainira ndekha osawerenga. Patangotha milungu iwiri kampani ija inalengeza kuti ikugulitsa masheya atsopano kuti ipeze ndalama, mtengo n'kugwera pa madola 21. Ndinalosera molondola, koma ndinaonera ndili kunja kwa mpanda.

Ndiye chitani izi. Yang'anani chiwongola dzanja m'mawa uliwonse monga muyang'anira nyengo. Yang'ananinso chiwerengero cha masheya otsala oti abwerekedwe. Chikamatsika msanga, dziwani kuti khomo layamba kupanikiza. Kampani ikalembedwa kuti ndi "hard to borrow", kutanthauza kuti masheya ake ndi ovuta kubwereka, ine masiku ano ndimangoidutsa. Fufuzaninso kuti ndi gawo lalikulu bwanji la masheya ake lomwe lagulitsidwa kale mobwereka, chifukwa obwereka akachuluka, mtengo ukangokwera pang'ono onse amakakamizika kugula nthawi imodzi, n'kuukankhira kumwamba okha. Ndi zomwe zinachitika ndi GameStop, kampani ya ku America yogulitsa masewero a pakompyuta, mu Januwale 2021: sheya yomwe kumayambiriro kwa mwezi inali yosafika madola 20 inakhudza 483 pa 28 Januwale. Melvin Capital, kampani yoyendetsa ndalama za anthu yomwe inagulitsa masheyawo mobwereka, yokhala ndi akatswiri ndi mabiliyoni, inavulala kwambiri ndipo inatseka mu 2022. Sheya ya Volkswagen nayo mu Okutobala 2008 inadutsa mayuro 1,000 Porsche italengeza kuti ikulamulira pafupifupi 74 peresenti ya masheya ake. Mukagula sheya, mungaluze zomwe munaikazo basi. Mukagulitsa yobwereka, mtengo ulibe denga.

Chotsatira ndi kudina batani. Sankhani "sell short", lembani chiwerengero, ikani mtengo wanu ndi limit order, oda yosalola kugulitsa pansi pa mtengo womwe mwatchula, musalole msika ukusankhireni. Sheya ikagwa ndi 10 peresenti tsiku limodzi, lamulo lina limaletsa kugulitsa mobwereka pamtengo womwe ogula akupereka, kapena wotsikirapo, tsiku limenelo ndi lotsatira, ndiye oda yanu ikachedwa musadabwe. Nthawi yomweyo ikani oda yoti akuguliren mtengo ukafika pomwe simungapirire. Siteteza kwathunthu, chifukwa msika ungatsegule m'mawa utalumpha kale mtengo wanuwo, komabe ndi bwino kusiyana n'kugona chitseko chili pululu.

Onani kalendala ya dividendi. Kampani ikagawa phindu inu muli ndi masheya obwereka, mumalipira ndinu kwa mwiniwake, kuchokera m'thumba mwanu.

Kutseka n'kosavuta: "buy to cover", kutanthauza kugula masheya obwezera, chiwerengero chomwecho, broker abweza yekha kwa eni ake. Sungani masitetimenti chifukwa cha msonkho.

Mbali inayo, yobwereketsa, ndi yomwe ndimachita kwambiri tsopano. Ngati muli ndi masheya omwe munalipira onse, ma broker ambiri ali ndi ndondomeko yoti muwabwereketse. Mumangovomereza pafomu. Wobwereka amaika chikole, kawirikawiri 102 peresenti ya mtengo wake, ndipo chiwongola dzanja mumagawana ndi broker, ena theka ndi theka, ena amakupatsani nyenyeswa, ndiye funsani. Mungagulitse masheya anu nthawi iliyonse, koma pamene ali kwa wina simungavote pamsonkhano wa kampani, ndipo m'malo mwa dividendi mumalandira malipiro olowa m'malo omwe msonkho wake ungasiyane. Mwezi wathawu anandipatsa madola 3 ndi masenti 40.