Msilikali wakale akafika pa kauntala: mmene mungapezere womulipirira ndi kulemba invoisi yosabwezedwa

Bambo wachikulire akafika pa kauntala ya sejale (chipatala cha dokotala wa pulaiveti) ku Rosettenville kapena ku Turffontein, n'kuika kalata yopindapinda patebulo, n'kunena kuti "ine ndine msilikali wakale, boma limandilipirira," musathamangire kuwalowetsa kwa dokotala. Mwina akunena zoona ndithu. Vuto n'lakuti mawu oti msilikali wakale sakuuzani thumba limene ndalama zichokere, ndipo chipatala cha pulaiveti chikawathandiza chisanadziwe thumbalo chimatsala ndi invoisi yopanda koitumiza. Kwa inu amene mumagwira ntchito ya pa kauntala kapena ya maakaunti m'zipatala za kuno ku Joni, nkhani yonse imagona pa mphindi khumi zoyambirirazo.

Yambani ndi lamulo. Military Veterans Act, lamulo nambala 18 la 2011, limati msilikali wakale ndi nzika ya South Africa imene inatumikira ku gulu lankhondo la mbali iliyonse pa nthawi yomenyera ufulu kuyambira 1960 mpaka 1994, kapena ku Union Defence Force chisanafike chaka cha 1961, kapena ku SANDF, gulu lankhondo la dziko lino la masiku ano, pambuyo pa 1994. Munthuyo akhale kuti anamaliza maphunziro a usilikali, anasiya ntchitoyo, ndipo sanachotsedwe mochititsa manyazi. Choncho a MK, a APLA ndi a AZANLA (magulu omenyera ufulu), a SADF (asilikali a boma la nthawi ya tsankho) komanso a magulu ankhondo a Transkei, Bophuthatswana, Venda ndi Ciskei onse ali m'gulumo. Mawu oti nzika muwagwiritsitse. M'bale wathu amene anapuma ku Malawi Defence Force, kaya anali ku Cobbe Barracks ku Zomba zaka makumi awiri, lamuloli silikumukhudza. Muuzeni mwaulemu kuti alipira yekha kapena kudzera ku medical aid yake, asanalowe m'chipinda cha dokotala.

Amene ali m'kaundula wa Department of Military Veterans, imene ambiri amangoti DMV, ndipo anavomerezedwa kulandira thandizo la zaumoyo, njira yawo ndi ya South African Military Health Service, mwachidule SAMHS. Amayenera kupita ku zipatala zing'onozing'ono za asilikali kapena ku zipatala zazikulu zitatu: 1 Military Hospital ku Thaba Tshwane ku Pretoria, 2 Military Hospital ku Wynberg ku Cape Town, ndi 3 Military Hospital ku Bloemfontein. Inu a pulaiveti mumalowamo pokhapokha a SAMHS atawatumiza kwa inu ndi chilolezo cholembedwa. Kalata yotsimikiza kuti munthu ali m'kaundula si chilolezo. Pamenepa ndi pamene ambiri amagwera.

Palinso ena amene anapuma ntchito ya usilikali wokhazikika ndipo ndi mamembala a Regular Force Medical Continuation Fund. Nawonso amadalira SAMHS, ndipo thandizo la kunja limafuna chilolezo, koma thumba lawo ndi lina, malamulo ake ndi ena, koperekera invoisi ndi kwina. Gulu lachitatu ndi la amene anavulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito ya usilikali ndipo amalandira penshoni pansi pa Military Pensions Act, lamulo nambala 84 la 1976, imene imayendetsedwa ndi Government Pensions Administration Agency. Kumeneku amalipirira chilema chokhacho chimene chinavomerezedwa. Ngati anavomereza bondo lakumanzere, chifuwa cha chaka chino si chawo. Musasokonezenso ndi Special Pension ya lamulo la 1996: imeneyo ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi kwa omenyera ufulu, si khadi la kuchipatala.

Ndiye pali zinthu zina zimene usilikali sukhudzana nazo n'komwe. Bambo amene pano akulondera pa kampani ya sekyulite akavulala pa ntchito, nkhani ndi ya Compensation Fund pansi pa lamulo la COIDA la 1993, loona za chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito: bwana wake alembe fomu ya W.Cl.2, dokotala alembe fomu ya W.Cl.4. Akagundidwa ndi galimoto pa Jules Street, ganizirani za Road Accident Fund. Akakhala pa GEMS, medical aid ya ogwira ntchito m'boma, kapena medical aid ina, kaya kudzera mwa mkazi wake, ndi wodwala wa medical aid ngati wina aliyense. N'chifukwa chake funso lothandiza pa kauntala si lakuti "munali msilikali?" koma lakuti "Bambo, wakutumizani kuno ndani, ndipo vutoli linayamba bwanji?"

Chilolezo cha SAMHS chija chiwerengeni ngati kontrakiti. Fomu imene a SAMHS amagwiritsa ntchito potumiza wodwala kunja ndi DD 2703. Onani ngati dzina ndi nambala ya chiphaso ya manambala 13 zikufanana ndi za munthu amene waima patsogolo panu. Koperani force number, nambala yake ya usilikali, yonse pamodzi ndi zilembo za kumapeto kwake. Onani nambala ya chilolezo, tsiku limene chinaperekedwa, dzina la chipatala kapena dokotala amene atumizidwako, siginecha ndi chidindo. Kenako werengani mzere umene ambiri amaudumpha: thandizo limene lavomerezedwa, ndi kangati. Chilolezo cholembedwa dzina la dokotala wina musachilandire poganiza kuti mukonza mawa. Chilolezo cha bambo sichigwira kwa mayi kapena kwa mdzukulu amene abwera naye.

Tiyerekeze kuti pepala likuti kuonana ndi dokotala kamodzi ndi X-ray ya bondo lakumanja. Mkati muja dokotala wapeza kuti BP yakwera, watenga magazi okayeza impso ndi shuga, wabayanso jakisoni wopha ululu. Kuchipatala wachita bwino, koma pa invoisi mizere itatu yomalizayo ilibe mwini. Chofunika n'chakuti dokotala akudziwitseni wodwala asanatuluke, inu muimbire ofesi imene inapereka chilolezo, mupemphe kuti awonjezere kapena apereke china. Lembani m'fayilo dzina ndi udindo wa amene mwalankhula naye, tsiku, nthawi, ndi nambala imene wakupatsani, ndipo tumizani imelo yobwereza zimene mwagwirizana tsiku lomwelo. Mawu a pa foni okha sasunga ndalama. Akakana, muuzeni wodwala mtengo wa zotsalazo n'kumusainitsa kuti alipira yekha kapena akachitira ku chipatala cha asilikali. National Health Act ya 2003, gawo 6, imafuna kuti wodwala auzidwe za mtengo wa thandizo. Ndipo patulani mainvoisi awiri: ya zovomerezeka payokha, ya zinazo payokha, kuti mzere umodzi wokanidwa usagwire ndalama zonse.

Pa ngozi dongosolo limatembenuka. Gawo 27(3) la malamulo aakulu a dziko lino ndi gawo 5 la National Health Act amaletsa kukaniza munthu thandizo la mwadzidzidzi. Munthu wogwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, simumufunsa fomu. Dokotala amuthandize, inu muimbe foni nthawi yomweyo, ngakhale usiku, kudziwitsa a SAMHS kuti wodwala wawo ali kwa inu. Nthawi zambiri amafuna kumusamutsira ku chipatala chawo akangopezako bwino, ndipo masiku amene mwamusunga popanda kuwadziwitsa ndi amene amavuta kuwalipiritsa. Dokotala alembe momveka chifukwa chake inali ngozi, ndi nthawi imene wodwala anafika.

Musanatumize invoisi ku dipatimenti ya boma, onetsetsani kuti chipatala chanu chili pa Central Supplier Database ya National Treasury, kaundula wa ochita malonda ndi boma, ndipo chili ndi nambala yake yoyamba ndi MAAA. Akaunti ya kubanki imene ili pa invoisi ikhale yomweyo imene ili pa databeziyo, ndipo za msonkho ku SARS zikhale bwino. Sejale ikasintha banki osakonza kumeneko, invoisi imatha kuvomerezedwa koma ndalama osatuluka, inu n'kumaimba foni miyezi osadziwa pamene pamangika.

Za pa invoisi penipeni, tsatirani Regulation 5 ya Medical Schemes Act ya 1998 ngakhale wolipira asakhale medical aid, chifukwa ndi muyezo umene aliyense woyang'ana maakaunti a chipatala anauzolowera. Pakhale dzina la membala, dzina la wodwala, nambala ya umembala kapena force number, practice number yochokera ku BHF (Board of Healthcare Funders), nambala ya dokotala ya HPCSA (bungwe lolembetsa madokotala), tsiku la thandizo lililonse, khodi ya thandizolo ndi mtengo wake, ndi khodi ya ICD-10 yosonyeza matenda pa mzere uliwonse. Kuonana ndi dokotala wamba kumalembedwa ndi 0190, 0191 kapena 0192 malinga ndi kutalika ndi kulemera kwa nkhaniyo, ndipo zolemba za dokotala zigwirizane ndi khodi imene mwasankha. Mankhwala ndi zipangizo zikhale ndi khodi yozizindikirira ya NAPPI, kuchuluka kwake ndi mlingo. Ngati chipatala chinalembetsa VAT, pakhale nambala yake ndi 15 peresenti yooneka. Onjezani nambala ya chilolezo pamwamba, dzina la dokotala wotumiza, ndi kope la fomu kumbuyo. Mtengo funsani musanayambe thandizo kuti thumba limenelo limalipira pa mlingo uti, poti si onse amene amalandira mtengo wanu wa pulaiveti, ndipo kotsalako simungangokakankhira kwa wodwala amene simunamuuze.

Makhodi a ICD-10 a asilikali akale ali ndi misampha yake. BP ndi I10, shuga wa akuluakulu wopanda zovuta zina ndi E11.9, izi n'zosavuta. Kuvutika maganizo kobwera chifukwa cha zoopsa zimene munthu anaona ndi F43.1. Kugontha kwa makutu onse kochokera m'mitsempha ndi H90.3, ndipo kuwonongeka kwa khutu lamkati ndi phokoso ndi H83.3. Mwendo wodulidwa pa bondo kapena m'munsi mwake ndi Z89.5. Pamene anthu amalakwitsa kwambiri ndi pa mabala akale. Bambo amene anathyoka fupa la ntchafu mu 1987 ndipo lero akumva ululu, musamulembere khodi yoyamba ndi S, ya kuvulala kwatsopano, ngati kuti wathyoka dzulo. Lembani vuto la lero, kenako T93.1 yosonyeza zotsatira za kuthyoka kwa fupalo, ndipo ngati zinachitika kunkhondo onjezani Y89.1. Khodi iliyonse ya S kapena T imafuna inzake yofotokoza chimene chinachititsa, ndipo yachiwiriyo siikhala poyamba. Ku thumba la penshoni ya ovulala, khodi imeneyi ndi imene imalumikiza thandizo la lero ndi chilema chovomerezeka. Ikasowa, woyang'ana invoisi amangoona nkhalamba ya nyamakazi. Wosankha khodi ndi dokotala. Inu mukaona kuti sizikugwirizana, mubwezereni akonze, musasinthe nokha kuti invoisi idutse, chifukwa kumeneko ndi chinyengo.

Masiku nawo muwasunge. Ku medical aid invoisi ifike pasanathe mwezi wachinayi kuchokera tsiku la thandizo. Iwo ali ndi masiku 30 oti alipire kapena akuuzeni cholakwika, ndipo inu muli ndi masiku 60 oti mukonze n'kutumizanso. Ku boma, Treasury Regulation 8.2.3 imati invoisi ilipidwe pasanathe masiku 30 chiilandirireni, choncho umboni wa tsiku limene anailandira ndi chuma: imelo yoyankha, kapena chidindo pa kope lanu ngati mwakapereka pamanja. Matumba a asilikali ali ndi malire awoawo a nthawi. Afunseni pa invoisi yoyamba, muwalembe pachikuto cha fayilo, koma chizolowezi chabwino ndi kutumiza sabata yomweyo. Chaka cha ndalama za boma chimatha pa 31 Malichi, ndiye za Janyuwale ndi Febuluwale musazigoneke. Ngongole ikatha zaka zitatu osailondola mwalamulo imafa, malinga ndi Prescription Act ya 1969.

Invoisi ikabwezedwa, musapange yatsopano ya nambala ina pa thandizo lomwelo. Kompyuta yawo iziona ngati mukulipiritsa kawiri, zonse ziwiri n'kuima. Konzani yomweyo, lembanipo kuti ndi yokonzedwa, ikanipo kalata yokanira ija.

Chinsinsi cha wodwala chimavuta pano kuposa kwina, chifukwa olipira amapempha malipoti, ndipo mwa asilikali akale muli odwala maganizo, omwa ma ARV, ndi ena amene safuna kuti anzawo a ku bungwe la maveterani adziwe. Gawo 14 la National Health Act ndi lamulo la POPIA loteteza zinsinsi za anthu amafuna chilolezo cha mwini. Msainitseni pa ulendo woyamba pepala lonena kuti khodi ya matenda ake ipita kwa wolipira, ndipo mufotokozereni m'chilankhulo chimene akumva. Tumizani zimene zapemphedwa zokha, osati fayilo yonse, ndipo osati pa WhatsApp ya foni yanu. Mnzake wa ku bungwe akaimba kufunsa kuti "comrade ali bwanji," yankho ndi lakuti afunse mwini wake. Mafayilo asungeni zaka zosachepera 6 kuchokera ulendo womaliza, monga HPCSA imanenera. A anthu a penshoni ya ovulala ndi bwino kuwasunga kupitirira apo, poti nkhani zawo zimaunikidwanso patapita zaka.

Mwa apo ndi apo mudzalandira msilikali wakale wa ku America wokhala ku Sandton kapena ku Fourways. Wake ndi Foreign Medical Program ya Department of Veterans Affairs ya kwawo, imene imalipirira matenda okhawo amene anavomerezedwa kuti anachokera ku ntchito ya usilikali. Mufunseni kalata yotchula matendawo, ndipo invoisi ipite ndi fomu 10-7959f-2 pasanathe zaka 2. Zipatala zambiri zimasankha kuti alipire yekha pa kauntala, n'kumupatsa invoisi yatsatanetsatane, risiti ndi lipoti lalifupi la dokotala kuti akabwezeredwe ndalama zake.