Timu ikatsogola ndi zigoli zambiri, pumitsani osewera odalirika

Aphunzitsi ambiri a mpira, kuyambira a matimu a kusukulu mpaka a m'maligi a m'zigawo, amadziwa chochita timu ikamagonja ndi chigoli chimodzi. Amaima pamzere, kukuwa mpaka mawu kusasa, n'kulowetsa womwetsa zigoli wina. Koma timu ikatsogola 4-0 kutatsala mphindi 25, mumawapeza akhala pansi, akuseka ndi a komiti, anyamata onse amene anayamba masewero akadali m'bwalo. Nthawi imeneyi ndi imene timataya osewera popanda chifukwa. Mapointi atatu ali kale m'thumba, ndiye mnyamata amene wathamanga kwa ola lathunthu padzuwa la mu Okutobala akuvutikiranji?

Thupi lotopa ndi limene limavulala. Mnofu wa kuseri kwa ntchafu, womwe umagwira ntchito yaikulu wosewera akamathamanga ndi liwiro lonse, umafooka masewero akamapita kumapeto, ndipo ukafooka suchedwa kung'ambika. Kafukufuku wa bungwe loyendetsa mpira ku Ulaya la UEFA, amene wakhala akutsatira matimu akuluakulu a ku Ulaya kuyambira mu 2001 motsogozedwa ndi Jan Ekstrand wa ku Sweden, anapeza kuti kuvulala kwa mnofu umenewu kunakwera kuchoka pa 12 kufika pa 24 mwa kuvulala 100 kulikonse m'zaka 21. Mbali yaikulu ya kuvulala kotereku imachitika chakumapeto kwa chigawo choyamba ndi chachiwiri. Amenewo ndi osewera okhala ndi madokotala, zakudya zabwino ndi mabwalo a kapinga wothiriridwa. Nanga wanu amene wabwera wapansi kapena panjinga, atangomwa tiyi wam'mawa, n'kumasewera pa bwalo louma gwa ngati msewu? Mnofu umenewu ukang'ambika, muwerengere masabata angapo ali kunja, ndipo akabwerera msanga umayambiranso.

Kutopa si vuto lokhalo. Timu imene yamwetsedwa zigoli zinayi imakhala itapsa mtima. Otseka kumbuyo ake, amene akhala akunyozedwa ndi masapota kwa ola lonse, amayamba kusiya mpira n'kumatsata mwendo, ndipo amene amamusaka ndi yemwe uja wakhala akuwapiringa. Mnyamata wanu wa luso akayamba tizinthu tosangalatsa anthu, kuponda mpira, kudutsitsa pakati pa miyendo ya mnzake, dziwani kuti akudziitanira ngozi. Mutulutseni akakolo ake akadali abwino.

Onani zimene anachita Joachim Löw, yemwe anali mphunzitsi wa Germany, pa 8 Julayi 2014 ku Belo Horizonte, mu semifainolo ya World Cup. Germany inali itatsogola 5-0 pa Brazil mphindi 30 zisanakwane. Popita kokapuma, Löw anatulutsa Mats Hummels, yemwe bondo linkamuvuta, n'kulowetsa Per Mertesacker. Ola lisanakwane anatulutsa Miroslav Klose, bambo wa zaka 36 amene anali atangomwetsa chigoli chake cha 16 m'mbiri ya mpikisanowu. André Schürrle, amene analowa m'malo mwake, anamwetsa ziwiri. Kenaka Sami Khedira naye anatuluka, Julian Draxler n'kulowa. Masewero anatha 7-1. Patatha masiku asanu, Hummels ndi Klose anayamba nawo fainolo imene Germany inagonjetsa Argentina 1-0. Chimene ndikufuna muone apa ndi dongosolo lake: woyamba kutuluka anali wovulala kale, wachiwiri anali wamkulu msinkhu, ndipo sanawatulutse nthawi imodzi. (Khedira anavulalabe potenthetsa thupi fainolo ili pafupi kuyamba. Kupumitsa wosewera kumachepetsa ngozi, sikuithetseratu.)

Dongosolo lomwelo likhoza kugwira pa timu iliyonse. Musayambe ndi dzina lalikulu, yambani ndi thupi limene lili pa chiopsezo. Amene wangochira kumene, kapena amene sabata yonse wakhala akudandaula kuti ntchafu ikukoka, ndiye woyamba. Kenaka amene ali kale ndi khadi yachikasu, chifukwa wotopa amachedwa kufika pa mpira, ndipo khadi yachiwiri ikamugwera mwamutayanso pa masewero otsatira. Akatero, yang'anani othamanga kwambiri: a m'mapiko, ndi wapakati amene wakhala akukwera ndi kutsika. Goloboyi ndi mmodzi mwa otseka pakati musiyeni, pokhapokha pali vuto. Iwowa sathamanga kwambiri ndipo ndi amene amalankhula ndi anzawo.

Maso anu akhale pa thupi la wosewera, osati pa mpira pokha. Akayamba kugwira kuseri kwa ntchafu, kuwerama manja ali pa maondo mpira ukatuluka, kubwerera chapansipansi pamene kale amathamanga, kapena kukhala pansi kuti anzake amuwongole mwendo, musamufunse ngati angapitirize. Palibe mnyamata amene adzakuuzani kuti watopa masapota akumuimbira nyimbo. Papsa tonola, sudziwa mtima wa moto.

Malamulo a masiku ano akukupatsani mpata umene Löw analibe. Iye ankaloledwa kusintha atatu okha. Kuyambira mu 2020, nthawi ya Covid-19, bungwe la IFAB, lomwe limasunga malamulo a mpira, linalola kusintha osewera asanu, ndipo mu 2022 linakhazikitsa lamuloli. Koma pali kamsampha: m'mipikisano ikuluikulu mumaloledwa kuimitsa masewero katatu kokha kuti musinthe, kupatulapo nthawi yopumulira. Choncho ngati zinthu zayenda bwino m'chigawo choyamba, sinthani mmodzi kapena awiri pa nthawi yopumulira, poti imeneyo siwerengedwa. Ena awiri alowe limodzi ola litakwana. Mmodzi, pamodzi ndi mpata umodzi wosinthira, musunge mpaka mphindi khumi zomaliza. Ndikutero chifukwa mphunzitsi amene wamaliza onse pa mphindi 60, goloboyi wake akagundidwa pa mphindi 75 amangoyang'ana kumwamba. Kwa inu a matimu a ana ndi a m'madera, malamulo omwewa amalola kuti wotuluka abwererenso m'bwalo ngati bungwe loyendetsa mpira m'dzikomo lavomereza. Funsani okonza mpikisano wanu masewero asanayambe, osati kukangana ndi woyimbira pamzere.

Funso lovuta ndi lakuti, kodi masewero atha liti? Amene munatsatira Africa Cup of Nations ya 2010, imene Flames inakwapula Algeria 3-0, mukumbukira zimene zinachitika dzulo lake m'gulu lomwelo. Pa 10 Januwale ku Luanda, Angola inali patsogolo 4-0 pa Mali kutatsala mphindi zosakwana 15. Seydou Keita anabweza chimodzi, Frédéric Kanouté china, ndipo mu nthawi yowonjezera Keita ndi Mustapha Yatabaré anamaliza ntchito: 4-4. Ena amatenga nkhani imeneyi ngati chifukwa chosasinthira aliyense. Ine sindikugwirizana nawo, chifukwa zotere zimakumbukika poti n'zosowa, pamene minofu imang'ambika sabata ndi sabata. Chimene Luanda imatiphunzitsa n'chakuti olowa alowe ndi ntchito yodziwika, osati kukangoponda bwalo.

Mwa kuona kwanga, 2-0 si nthawi yopumitsa aliyense kupatula wovulala. Chigoli chimodzi chikalowa, mpira wonse umatembenuka. Zitatu kutatsala theka la ola, adani asakufika n'komwe pa golo lanu, mutha kuyamba. Zinayi, musazengereze. Muganizirenso za mpikisano umene mukusewera. Mu chikho cha wogonja atuluke, chigoli chachisanu sichiwonjezera kalikonse. Mu ligi, kusiyana kwa zigoli kumatha kugamula malo kumapeto, komabe miyendo yatsopano ya mnyamata amene akufuna kuti mumuone nthawi zambiri imabweretsa zigoli kuposa ya wotopa amene wakhuta kale.

Zonsezi zimagwa m'madzi ngati olowawo sanakonzeke. Wosewera amene wakhala pa benchi kwa ola lathunthu, n'kudzuka, kumanga zingwe za nsapato, kulowa n'kuyamba ndi liwiro, ndiye amene angavulale msanga kuposa amene mukumuteteza. Atumizeni kuseri kwa golo kapena m'mbali mwa bwalo kwa mphindi khumi kapena kuposerapo: kuthamanga pang'onopang'ono, kusinthasintha mbali, kenaka liwiro lalifupi kangapo mpaka thukuta lituluke. Pakhale wina wowayang'anira, chifukwa akasiyidwa okha amangoima n'kumaonera mpira.

Gawo limene limavuta aphunzitsi athu ambiri si la malamulo, koma la mtima wa wosewera. Womwetsa zigoli amene wachinya ziwiri amafuna chachitatu. Wina ali ndi achibale amene abwera kudzamuona. Mukamutulutsa mosamuchenjeza, amatuluka nkhope ili gwa, kuponya botolo la madzi, ndipo mawa lake mudzi wonse ukunena kuti kochi ali naye chifukwa. Nkhaniyi muikambe pa masewero okonzekera, onse alipo: "Tikatsogola ndi zitatu, iwe ndi iwe mutuluka pa ola, chifukwa Lachitatu ndikukufunani." Auzeninso a komiti, makamaka ngati kandalama ka osewera kamatengera mphindi zimene munthu wasewera, kuti wotulutsidwa chifukwa chosungidwa asachotseredwe kanthu.

Inu amene mwagonja 5-0, malangizo ndi omwewa. Kusiya kapitawo wanu akuthamangitsa mpira umene unatayika kale sikubweza ulemu wa timu. Mutulutseni, mulowetse achichepere akalawe moto.

Wotulukayo asangofikira kukhala pansi kapena kukaima ndi masapota. Ayende pang'ono, amwe madzi, avale chofunda ngati kuli mphepo ya mu Juni, ndipo pasanathe nthawi yaitali adye kanthu, ngakhale nthochi ndi mtedza. Ngati pali pamene pakupweteka kapena patupa, ikani ayisi wokulunga m'nsalu, ndipo musalole anzake kumukanda ndi mphamvu pa mnofu umene wangovulala kumene. Akamatsimphina mpaka mawa lake, apite kuchipatala asanabwerere ku masewero okonzekera.