Musanagule makina okumbira Bitcoin, werengerani mayunitsi a magetsi

Pa nkhani ya Bitcoin, ndalama ya pa intaneti, mawu akuti kukumba amasocheretsa anthu ambiri, chifukwa m'ntchito imeneyi mulibe khasu, mulibenso mgodi. Chomwe chimachitika n'chakuti makina ambirimbiri padziko lonse amapikisana kupeza nambala yovomerezeka, ndipo amene ayamba kuipeza ndiwo amalemba tsamba latsopano m'kaundula wa Bitcoin wotchedwa blockchain, momwe mumasungidwa mbiri ya ndalama zonse zotumizidwa. Tsamba lotere limatuluka pafupifupi mphindi 10 zilizonse, ndipo mwini makina opambanawo amalandira Bitcoin yatsopano pamodzi ndi ndalama zimene otumiza amalipira kuti malonda awo alembedwe. Pamene Satoshi Nakamoto ankayambitsa Bitcoin mu 2009, mphotho ya tsamba limodzi inali ma Bitcoin 50, koma imadulidwa pakati akakwana masamba 210,000, zomwe zimatenga pafupifupi zaka zinayi, ndipo kuyambira mu April 2024 ili pa 3.125. Komanso masamba 2,016 akakwana, pafupifupi masabata awiri, dongosolo limadzisintha lokha kotero kuti okumba akachuluka mpikisano umalimba. Choncho makina omwewo amene mwagula lero adzakhala akupeza zochepa chaka chamawa, pomwe magetsi akudya ofanana.

N'chifukwa chake laputopu kapena foni sizingakumbe Bitcoin masiku ano. Ntchitoyi imagwiridwa ndi makina opangidwira chinthu chimodzi chokhachi, otchedwa ASIC, monga Antminer ya kampani ya Bitmain. Amene anamva kuti makadi a zithunzi a m'kompyuta amakumba Ethereum, ndalama ina ya pa intaneti, adziwe kuti zimenezo zinatha mu September 2022, pamene Ethereum inasiya njira yokumba.

Tsono tengani pepala ndi cholembera musanafunse n'komwe mtengo wa makina. Antminer S19 Pro imadya mawati 3,250, ndipo popeza imayenera kuyaka usana ndi usiku, pa tsiku imatha mayunitsi 78, pamwezi wa masiku 30 mayunitsi 2,340. Yang'anani risiti yanu yomaliza ya ESCOM, muone kuti yunitsi imodzi munagula ndalama zingati, ndipo muchulukitse ndi 78. Imeneyo ndiyo ndalama imene muzilipira tsiku lililonse, kaya mtengo wa Bitcoin wakwera kaya watsika. Kenaka pitani pa tsamba lowerengetsera phindu monga WhatToMine, mulembepo mphamvu ya makinawo, yomwe ndi 110 TH/s (muyeso wa liwiro limene makina amayesera manambala), mawati ake, ndi mtengo wanu wa yunitsi m'madola, ndipo likuwonetsani zomwe makinawo akupanga pa tsiku. Zopanga zikachepera zolipira, nkhani yathera pomwepo. Zikaposa pang'ono, gawani mtengo wonse wa makina, kuphatikizapo mayendedwe ndi msonkho wa MRA, ndi phindu la tsiku limodzi, kuti mudziwe masiku amene adzadutse ndalama yanu isanabwerere. Ine ndimalangiza kuti muwerengetse kachiwiri mongoyerekeza kuti Bitcoin yagwa ndi theka, chifukwa zinachitikapo kangapo, monga mu 2018 ndi mu 2022, ndipo mukumbukirenso kuti MERA ikhoza kuvomereza mitengo yatsopano ya magetsi makina anu asanabweze ndalama.

Masamu amenewa amaganiza kuti magetsi sathima, zomwe aliyense wokhala ku Area 25, ku Kawale kapena ku Chinsapo akudziwa kuti si momwe zilili. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo madzi akachepa kapena makina akawonongeka dziko lonse limamva, monga zinakhalira namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022. Ola lililonse la mdima ndi ola lomwe makina sakubweza ndalama yomwe munagulira. Jenereta ya dizilo si yankho, popeza yunitsi yake imadula kuposa ya ESCOM, ndipo sola yoti iyendetse makilowati opitirira atatu usiku wonse imafuna mabatire okwera mtengo kuposa makina okumbirawo. Kumene kukumba kwaoneka kothandiza m'dziko muno ndi kumene magetsi anali otsala, monga ku Bondo m'boma la Mulanje, komwe kampani ya Gridless inaika makina okumbira pa magetsi a madzi a m'mudzi n'kumagwiritsa ntchito mphamvu yomwe anthu sanaimalize. Munthu amene ali ndi mwayi wa magetsi otere ali pabwino kuposa wa m'tauni wogula mayunitsi pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndipo kulumikiza magetsi mozembetsa mita ndi mlandu, kopanda kunena za moto umene mawaya otere amayambitsa.

Ngati masamu akulolani, konzani malo makina asanafike. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito m'nyumba zathu imapirira ma amp 13, pomwe makina a mawati 3,250 pa magetsi a 230 V amakoka ma amp opitirira 14 osapuma. Itanani katswiri wa magetsi wovomerezeka kuti akoke waya wakewake kuchokera pa bolodi, wokhala ndi breaker yakeyake ndi chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu atathima. Mphamvu yonse imene makina adya imasanduka kutentha, kotero kuti chipinda chimakhala ngati mwayatsamo mbaula zamagetsi zingapo, ndipo m'miyezi ya October ndi November makina opanda mpweya wokwanira amadzizimitsa okha. Pafunika zenera lolowetsa mpweya wozizira ndi lina lotulutsa wotentha, pamodzi ndi sefa yotchinga fumbi la m'chilimwe. Phokoso lake, la ma decibel pafupifupi 75, silingapiririke m'nyumba yogona, ndipo wokhala pa lendi ayambe wakambirana ndi eni nyumba ndi oyandikana nawo. Intaneti siifuna mabandulo ambiri, koma iyenera kukhala yosadukaduka, ndipo makinawa amalumikizidwa ku router ndi waya.

Pogula, musakopeke ndi kutchipa. Antminer S9 ya mu 2016 imapezeka pamtengo wotsika chifukwa imadya magetsi ochuluka kuwirikiza katatu poyerekeza ndi S19 Pro pa ntchito yofanana, pomwe S21 imadya ochepa kuposa onsewa pa ntchito yomweyo. Makina ogwiritsidwapo kale muwaone akuyaka ndi kuwonetsa mphamvu yake yonse musanapereke ndalama. Kumbukiraninso kuti amagulidwa m'madola, ndipo ndalama zakunja n'zovuta kupeza kuno kwathu, makamaka chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023.

Makina asanayake mufunika zinthu ziwiri. Choyamba ndi wallet, chikwama chosungiramo Bitcoin, chomwe pochitsegula chimakupatsani mawu 12 kapena 24 achinsinsi. Mawuwo alembeni papepala, muwabise monga mumabisira chikalata cha malo, osawajambula ndi foni kapena kuwatumiza pa WhatsApp, pakuti wowadziwa akhoza kutenga zonse ndipo palibe banki yokadandaulako. Chachiwiri ndi gulu la okumba, lotchedwa pool. Makina amodzi paokha akhoza kutha zaka zambirimbiri osapeza tsamba, choncho okumba amasonkha mphamvu zawo n'kumagawana mphotho molingana ndi ntchito ya aliyense, monga alimi a fodya a m'kalabu amene amatumiza mabelo awo pamodzi ku okushoni ya ku Kanengo. Magulu odziwika ndi monga F2Pool, ViaBTC, AntPool ndi Braiins. Mukalembetsa, lembani IP ya makina anu, yomwe ndi nambala yowadziwira pa router, m'browser ya kompyuta, musinthe nambala yachinsinsi yomwe anabwera nayo, mulowetse adiresi ya pool ndi dzina lanu la kumeneko, ndipo pa tsamba la pool muikepo adiresi ya wallet yanu. Onetsetsani chindapusa chimene gululo limadula komanso mlingo umene muyenera kufika lisanakutumizireni malipiro.

Pali nkhani ya malamulo imene simuyenera kuilumpha. Mu 2019 Reserve Bank of Malawi inachenjeza kuti ndalama za crypto, monga Bitcoin, si ndalama zovomerezeka m'dziko muno, ndipo kuti wozigwiritsa ntchito akuchita mwa kufuna kwake popanda chitetezo cha bankiyo. Sungani malisiti a makina ndi a magetsi pamodzi ndi mbiri ya malipiro onse, ndipo mufunse wodziwa za misonkho musanayambe kusintha Bitcoin kukhala kwacha.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi achinyamata amene akuberedwa m'dzina la kukumba. Wina akakuuzani kuti mutumize ndalama pa foni kuti akubwerekeni makina omwe ali kunja, n'kulonjeza phindu lokhazikika tsiku lililonse ndi bonasi mukabweretsa anzanu, dziwani kuti wokumba weniweni sangalonjeze zotere, popeza iyenso sadziwa mtengo wa mawa. Oyamba kulowa amalipidwa ndi ndalama za olowa pambuyo, mpaka tsiku lomwe pulogalamuyo imasiya kutseguka.

Wofuna kuphunzira asanaike ndalama zambiri akhoza kuyesa ndi Monero, ndalama ina ya crypto yomwe inakonzedwa kuti izikumbidwa ndi kompyuta wamba. Atsegule wallet yake, atenge pulogalamu ya XMRig kuchokera kwa eni ake enieni osati pa ulalo wotumizidwa ndi mnzake, ailumikize ku pool, ndipo aiyendetse kwa sabata imodzi pa kompyuta yakeyake, osati ya ku ofesi kapena ya kusukulu. Alembe nambala ya pa mita poyamba ndi pomaliza, achotsepo mayunitsi amene nyumba imadya masiku onse, ndipo otsalawo awafananitse ndi zomwe pool yamulembera.